Cimfine ca Mbalame: Nkhuku Zikayamba Kugwa, Tisafulumire Kunena Kuti Ndi Cideru

Mlimi aliyense woweta nkhuku m'dziko lathu lino amacidziwa cideru, matenda amene m'madera ena amawacha citopa. Cimafika kawirikawiri m'cilimwe, cimasesa khola, ndipo anthu anaphunzira kalekale kukhala naco. Nkhuku ziwiri zikazyolika m'mawa, pofika madzulo mpeni wadutsa pa zinzake: zina zalowa mumphika, zina zapita kwa acibale, ndipo zooneka zamphamvu zamangidwa miyendo pa njinga kuti zikagulitsidwe kumsika zisanagwe. Mwini wake amati wapulumutsako kanthu. M'phunziro lino tikamba za matenda ena ofanana kwambiri ndi cideru, amene cizolowezi cimeneci cingawamwaze m'midzi yambiri m'masiku owerengeka, ndiponso amene nthawi zina amagwira ndi munthu yemwe. Matendawa ndi cimfine ca mbalame.

Dzina lakuti cimfine lisatipusitse. Mtundu woopsa wa matendawa ukalowa m'khola, nkhuku zisanu ndi zinayi mwa khumi zilizonse zingafe, mwinanso zonse, ndipo kawirikawiri zimatha m'masiku awiri okha. Mankhwala ociza nkhuku yodwala kulibe. Conco mphamvu ya mlimi ili pa zimene angacite matenda asanafike, ndi pa zimene angacite tsiku loyamba lenilenilo.

Kumene matendawa amacokera

Cimene cimayambitsa matendawa ndi kacilombo kosaoneka ndi maso, ka mtundu wa mavairasi, m'bale wake wa kamene kamadwalitsa anthu cimfine. Kali ndi mitundu yambiri, ndipo akatswiri amaisiyanitsa ndi zilembo H ndi N pamodzi ndi manambala. Mukamva pa wailesi akuchula H5N1, H5N8 kapena H7N6, dziwani kuti ndi maina a mitundu imeneyi. Yoculuka ndi yofatsa: nkhuku imangoyetsemula, imacepetsa kuikira, kenaka n'kucira. Koma ya H5 ndi H7 ili ndi khalidwe loipa lakuti ikakhalitsa pakati pa nkhuku zambiri zothithikana, imatha kusintha n'kusanduka yakupha.

Kwawo kwenikweni kwa kacilomboka ndi m'matupi a mbalame zakuchire za m'madzi, monga abakha ndi atsekwe a m'nyanja ndi m'madambo. Zambiri mwa mbalamezi zimakanyamula osadwala, n'kumakasiya m'madzi ndi pa udzu kudzera m'zitosi. Zina ndi zapaulendo. Zimathawa cisanu ku Ulaya ndi ku Asia, zimafika kuno ca m'Okutobala ndi Novembala mvula ikamayandikira, ndipo zimabwerera dzinja likatha. Dziko lathu lili ndi malo ambiri amene zimatera: madambo a Kafue ndi a Bangweulu, cigwa ca Barotse, ndi mathamanda a m'cigwa ca Luangwa. Akatswiri a pa University of Zambia, pamodzi ndi anzawo a ku Hokkaido University ya ku Japan, anapima zitosi za mbalame zakuchire ku Lochinvar National Park kuyambira mu 2006, ndipo anapezamo mitundu yofatsa ya kacilomboka. Njira imene mitundu yofatsayo inadzera ndi yomweyo imene woopsa ungadzere.

Mtundu wa H5N1 umene wasautsa maiko ambiri unapezeka koyamba mwa atsekwe oweta m'cigawo ca Guangdong ku China mu 1996. Caka cotsatira unagwira anthu 18 ku Hong Kong, ndipo 6 mwa iwo anamwalira. Boma la kumeneko linapha nkhuku zonse za m'misika ndi m'mafamu, zoposa miliyoni imodzi, m'masiku ocepa. Mu Africa mtunduwu unaonekera koyamba ku Nigeria mu Febuluwale 2006. Kenaka matendawa anayandikira kwathu. Mu Januwale 2017 mtundu wa H5N8 unapha mbalame zambiri m'mbali mwa nyanja ya Victoria ku Uganda, ndipo pakati pa caka comweco unalowa pa famu yaikulu ya nkhuku pafupi ndi Harare ku Zimbabwe, kenakanso ku South Africa. Mu 2023 alimi a ku South Africa anataya nkhuku mamiliyoni cifukwa ca H5N1 ndi H7N6, kufikira kuti mazira anasowa m'masitolo. Mu Okutobala caka cimeneco nkhuku zoikira pafupifupi 45,000 zinaphedwa ndi kutenthedwa m'cigawo ca Inhambane ku Mozambique, ndipo nkhukuzo zinali zocokera ku South Africa.

Nkhani ya ku Inhambane tiisunge bwino. Nkhuku zija sizinauluke, zinabwera pa galimoto. Mbalame zakuchire zimagwetsa khala la moto pamalo amodzi, koma amene amalinyamula kucoka khola ili kupita khola lina ndi anthu: pa nsapato, pa mateyala a njinga, m'makireti, m'mathireyi a mazira, m'matumba a zakudya, ndipo koposa zonse m'nkhuku zamoyo zimene timagula, kugulitsa ndi kupatsana.

Mmene tingazindikirire

Cizindikiro coyamba ca mtundu woopsa nthawi zambiri ndi imfa yeniyeniyo. Madzulo nkhuku zadya bwino, m'mawa mupeza zingapo zauma, ndipo pofika masana ciwerengero cawirikiza. Zotsalazo zimaunjikana pakona, nthenga zitanyankhalala, osafuna cakudya kapena madzi. Mutu ndi zikope zimatupa. Lipombo ndi tinyama tolendewera kukhosi zimasanduka zofiirira modera, ngati zapsa ndi moto. Pa miyendo, pamene palibe nthenga, pamaoneka madontho ofiira a magazi otuluka pansi pa khungu. Zina zimapuma movutika zitayasamula, zikutuluka mamina, zina zimatsegula m'mimba zobiriwira, zina zimadzandira kapena kupinda khosi. Zoikira zimasiya mwadzidzidzi, kapena zimaikira mazira a cikamba cofewa.

Amene wawetapo nkhuku anena kuti zonsezi anazionapo kale pa cideru, ndipo sakunama. Apa ndi pamene pagona vuto lonse. Matenda awiriwa amafanana kwambiri, mwakuti ngakhale dokotala wa ziweto wodziwa nchito yake sangalumbire pongoona ndi maso. Yankho lenileni limacokera ku labotale, monga ya boma ya Central Veterinary Research Institute ku Balmoral, kufupi ndi Chilanga, kumene amapima zimene alangizi atenga kukhosi ndi kumalo otulukira zitosi a nkhuku. Mlimi amene anena motsimikiza kuti "ici ndi cideru cabe" akunena cinthu cimene maso sangathe kuona.

Komabe pali zinthu zimene ziyenera kutichera khutu. Cacikulu ndi katemera. Katemera wa cideru, kaya ndi LaSota kapena I-2, sateteza nkhuku ku cimfine ca mbalame ngakhale pang'ono. Koma ali ndi phindu lina limene ambiri saliganizira. Mlimi amene amatemera nkhuku zake pa nthawi yake, ndi katemera wosungidwa bwino pozizira, akaona zikufa zambiri mwadzidzidzi amadziwa msanga kuti pali cacilendo. Amene satemera alibe poyambira: imfa iliyonse amaiika pa cideru, ndipo m'mudzi wotere cimfine ca mbalame cingathe masabata cikuyenda ndi dzina la mnzake. N'cifukwa cake timati kutemera cideru ndi mbali ya nkhondo yolimbana ndi cimfine ca mbalame, ngakhale katemerayo sacikhudza.

Cina ndi abakha. Cideru sicikonda kupha abakha, mwakuti akayamba kufa kapena kuzungulira mutu pamodzi ndi nkhuku, nkhanga ndi nkhukundembo, ticenjere. Koma tisatembenuze mfundoyi n'kumati abakha akakhala bwino ndiye kuti kulibe coopsa, pakuti bakha amatha kunyamula kacilomboka akuyenda wathanzi. Tikapezanso mbalame zakuchire zingapo zitafa pamalo amodzi, m'mbali mwa damu kapena m'dambo, imeneyo ndi nkhani yokauza alangizi ngakhale nkhuku zathu zili bwino. Ana asazitole kukaocha.

Pakhomo la khola pakhale kope ndi pensulo. Tsiku lililonse tilembe nkhuku zimene zafa, mazira amene tatola, ndi kuculuka kwa cakudya ndi madzi zimene zatha. Nchito imeneyi imaoneka yotopetsa miyezi yonse imene zinthu zili bwino, koma nkhuku zimayamba kucepetsa kudya ndi kumwa zisanaonetse cina ciliconse, ndipo kope limaona zimenezi mwini wake asanazione. Mlangizi akafika, funso lake loyamba lidzakhala lakuti zinayamba liti ndipo zafa zingati.

Tsiku loyamba

Tiyerekeze kuti zacitika. Cinthu coyamba ndi kutseka. Pasatuluke nkhuku, yamoyo kapena yakufa, dzira, manyowa, thumba kapena ciwiya ciliconse ca m'khola. Pasalowe mlendo, ngakhale mnansi wabwino amene wabwera kudzapepesa ndi kuona mmene zilili, cifukwa pobwerera adzatengera matenda ku nkhuku zake. Mwini khola nayenso asapite ku makola a anzake kukafunsa nzeru. Lamya ilipo.

Caciwiri ndi kuuza mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu kapena ofesi ya dokotala wa ziweto ku boma tsiku lomwelo. Cimfine ca mbalame cili m'gulu la matenda amene lamulo limafuna kuti anenedwe, ndipo m'dziko lathu nkhani zotere zimayendetsedwa ndi lamulo la Animal Health Act la 2010. Uzaninso amfumu ndi anansi kuti atsekere nkhuku zawo. Musanyamule nkhuku yakufa pa basi kapena pa njinga kupita nayo ku ofesi, cifukwa mudzakhala mukufesa matenda njira yonse. Ikani ziwiri kapena zitatu zimene zangofa kumene m'mapulasitiki awiri, wina m'kati mwa mnzake, mangani bwino, ndipo zisungeni pamthunzi pamene galu sangafike kufikira alangizi abwere. Ambiri mwa ife tinaphunzira kutumbula nkhuku yakufa kuti tione ciwindi ndi matumbo. Pa imfa za mtundu uwu luso limenelo tilisiye, mpeni usakhudze nkhuku.

Zakufa zinazo zikwiriridwe m'dzenje lakuya, kutali ndi citsime ndi mtsinje, zithiridwe laimu ngati alipo, ndipo dothi litsenderedwe kuti agalu asafukule. Zisatayidwe kuchire kapena m'dzala, ndipo zisaperekedwe kwa nkhumba, agalu kapena amphaka, pakuti nyama zimenezi nazo zimatha kutenga kacilomboka. Wogwira nchitoyi avale mapulasitiki m'manja ngati alibe magolovesi, aphimbe mphuno ndi pakamwa, ndipo akatha asambe ndi sopo ndi kucapa zovala zake padera.

Tisataye ndalama pa mankhwala. Ufa wacikasu uja timagula m'masitolo a zaulimi, oxytetracycline ndi anzake, umapha mabakiteriya, koma vairasi suikhudza. Tsabola, phulusa ndi makungwa a mitengo m'madzi akumwa nazonso sizingathandize. Nkhuku imodzi kapena ziwiri zikapulumuka, sikuti mankhwala agwira nchito, ndipo zopulumukazo zingakhale zikumwazabe kacilombo. Katemera wa cimfine ca mbalame alipo m'maiko ena, koma ndi boma limene limagamula za iye. Munthu akakutsatsani botolo pamsika n'kunena kuti ndi katemera ameneyu, musagule.

Tikudziwa cimene cimamanga pakamwa alimi ambiri. Amaopa kuti akanena, a boma adzabwera kudzapha nkhuku zonse, zodwala ndi zamoyo zomwe, ndi kuletsa malonda m'dera lonse. Manthawa ndi omveka, ndipo n'zoona kuti matendawa akatsimikizika njira yake ndi imeneyo. Kwa banja limene ndalama za sukulu ndi za feteleza zili m'khola, si nkhani yopepuka. Koma tiyeze bwino mbali zonse. Ngati cilidi cimfine ca mbalame, nkhuku zimene tikubisazo ndi zakufa kale, zangotsala ndi tsiku limodzi kapena awiri. Kubisa sikuzipulumutsa, kumangoonjezapo za anansi. Ngati ndi cideru, kunena sikutiluzitsa kanthu, ndipo tidzakhala tadziwa cocita. Ndipo wogulitsa nkhuku zoti akudziwa kuti zacokera m'khola lodwala, pamtengo wotsika kuti zithe msanga, akugulitsa tsoka kwa mayi amene wagula thadzi loti akayambire kuweta.

Za thanzi la anthu

Kacilomboka sikagwira munthu mosavuta, ndipo sikafala mosavuta kucoka kwa munthu kupita kwa mnzake. Koma kakagwira kamatha kupha. Ambiri mwa amene anadwala m'maiko osiyanasiyana ndi amene anapha, kusosola kapena kutumbula nkhuku zodwala, ndi ana amene ankasewera nazo. Kuphika nyama mpaka kutentha kwa madigiri 70 kufike m'kati mwenimweni kumapha kacilombo, ndipo mazira aziphikidwa mpaka alimbe. Apa wina anganene kuti ndiye tingadye yodwalayo bola ipse bwino. Ayi. Ngozi siili m'mbale, ili m'manja mwa amene akusosola ndi kutumbula, amene nthawi zambiri ndi amayi ndi ana athu. Nkhuku yodwala kapena yofa yokha isadyedwe. Amene wagwira nkhuku zotere akayamba kutentha thupi, kutsokomola, kufiira maso kapena kubanika m'masiku khumi otsatira, apite kucipatala msanga ndipo anene poyera kuti anagwira nkhuku zakufa. Nkhuku zisamagone m'nyumba kapena m'khichini mmene mumagona ana.

Kutseka njira matenda asanafike

Kwa woweta nkhuku za nyama kapena za mazira, khola likhale ndi khomo limodzi ndi munthu mmodzi kapena awiri odziwika olowamo. Pakhomo pakhale nsapato za mphira ndi covala zimene nchito yake ndi ya m'kholamo basi. Beseni la mankhwala opondamo n'labwino, koma tinene zoona: beseni lodzala matope limene lakhala sabata yathunthu ndi cokongoletsa cabe. Mankhwala sagwira nchito pa dothi ndi zitosi. Coyamba tipale ndi kutsuka nsapato, kenaka tiponde m'mankhwala, ndipo mankhwalawo azisinthidwa akada. Nkhani yabwino ndi yakuti kacilomboka kali ndi khungu la mafuta limene sopo wamba amaswa, ndipo dzuwa ndi kuuma zimakafooketsa. Kamakhalitsa m'malo onyowa ndi ozizira, m'zitosi ndi m'madzi, mpaka masabata angapo. Conco miyezi ya Juni ndi Julayi si yogonera.

Mazenera a khola akhale ndi waya wa timabowo ting'onoting'ono kuti mpheta ndi njiwa zisalowe, ndipo gaga kapena cakudya cotayikira panja cizisesedwa, cifukwa ndico cimaitana mbalame ndi makoswe. Madzi akumwa acokere pampope kapena pacitsime cotetezedwa. Ngati palibe kucitira mwina koma kutunga ku damu kapena kudambo kumene mbalame zimasamba, tithiremo klorini monga timacitira ndi madzi akumwa a pabanja. Ogula aimirire kunja kwa mpanda, ife tiwatengere nkhuku komweko, ndipo makireti awo, amene m'mawa womwewo adutsa m'makola ena, asafike pafupi ndi khola. Mathireyi a mapepala obwera kucokera kumsika satsukika, conco asalowenso m'khola. Amene angathe agule apulasitiki. Pogwira nchito tiyambire ku anapiye, kenaka zazikulu, ndipo zodwala tizithera nazo.

Lamulo limene limathyoledwa kwambiri ndi la nkhuku yacilendo. Nkhuku iliyonse yocokera kwina ikhale payokha, kutali ndi zinzake, kwa masabata atatu, ndipo ngati n'kotheka mwezi. Izi zikukhudza yogula, tambala wobwereka kuti akonze mtundu, ndi imene yapita kumsika n'kubwerako osagulidwa. Zikukhudzanso nkhuku ya mphatso, ndipo apa m'pamene pamavuta, cifukwa palibe amene amafuna kukayikira nkhuku yocokera kwa apongozi. Kuiika payokha si kunyoza woperekayo. Tikumbukirenso nkhuku zimene zimabwera ku mpingo monga copereka ca masika, kapena zosonkhedwa pa ukwati ndi pa maliro. Zimacokera m'makomo ambiri, zimagona mulu umodzi, ndipo zotsala zimagawidwa kupita m'makomo enanso. Zoterezi ndi bwino ziphedwe ndi kudyedwa pomwepo, ndipo kukamveka mbiri ya matenda m'dera, akulu a mpingo apemphe anthu kuti abweretse cimanga kapena ndalama m'malo mwa nkhuku zamoyo.

Nanga nkhuku za kumudzi zoyenda zokha? Sitingauze mlimi kuti azitsekere caka conse pamene alibe cakudya cozipatsa. Zimene zingatheke ndi izi: zikhale ndi khola logona lawolawo losesedwa kawirikawiri, zipatsidwe madzi pakhomo kuti zisamapite kudambo, ndipo abakha akhale ndi malo awo, osagona kapena kumwera pamodzi ndi nkhuku. Bakha amene amasambira kudambo masana n'kudzagona ndi nkhuku usiku ndiye mlatho pakati pa mbalame zakuchire ndi khola lathu. Kukalengezedwa matenda pafupi, pamenepo zitsekeredwe ndithu, ndipo n'kwanzeru kusungiratu thumba la gaga la masiku oterowo. Popeza nkhuku za kumudzi sizidziwa malire a makomo, nchitoyi siitheka ndi banja limodzi. Amene munamaliza maphunziro n'kubwerera kwanu, kambani nkhaniyi ndi amfumu ndi magulu a alimi nthawi ya mtendere ino, mugwirizane tsiku lotemera cideru mudzi wonse, ndipo aliyense adziwe nambala ya lamya ya mlangizi.

Matenda akadutsa, mtima umafulumira kugula anapiye kuti tibweze zimene tataya. Tidikire. Utuci ndi zitosi zonse za m'khola zitenthedwe kapena kukwiriridwa, zisapite kudimba kapena kugulitsidwa. Makoma, pansi, zodyera ndi zomwera zitsukidwe ndi sopo, ziume, kenaka zipoperedwe mankhwala ophera tizilombo. Zisa za udzu ndi zinthu zina zosatsukika zitenthedwe. Khola likhale lopanda kanthu, lotsegula kuti dzuwa ndi mphepo zilowe, kwa masabata osacepera atatu, kapena kufikira tsiku limene alangizi adzalole. Poyambanso tiike nkhuku zocepa, tizipenyetsetse masabata awiri kapena atatu tikulemba m'kope, ndipo zikakhala bwino ndiye tibweretse zina.